Kutola Thupi

Amayi atatuluka m'chipatala chaka chimenecho, tonse tinkati achira. Chibayo chinali chitawasiya, thupi silinkatenthanso, ndipo m'kabuku kawo ka kuchipatala adokotala anangolembamo kuti adzabwerenso pakatha masabata awiri. Koma powatsitsa m'galimoto ya hayala madzulo aja, ndinachita kuwayang'ana kawiri. Masitepe awiri okha a pakhonde anawakwera ngati phiri la Dedza, mlongo wanga atawagwira uku, ine uku. Chitenje chinkawazungulira kawiri. Akati alankhule, mawu ankathera pakhosi.

Anthu odzazonda matenda ankafunsa kuti, "Odwala adzuka bwanji?" Ife n'kumati, "Akuyesera." Yankho limeneli ndinalibwereza sabata yonse mpaka linanditopetsa. Akuyesera chiyani? Kuntchito anali atandipatsa masabata awiri basi, ndipo mtima wanga unkafuna kuti pokwera basi yobwerera kutauni ndidzawasiye akusesa pabwalo monga kale.

Tsiku lachisanu ndinapita kwa amalume. Iwo anagwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi kuyambira nthawi ya Kamuzu mpaka kupuma, ndipo ngakhale pepala lawo linali la wothandizira dokotala, mudzi wonse unkangoti adokotala. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akumata chubu cha njinga.

"Amalume, kodi kulibe jakisoni wa mphamvu woti tiwabaye achemwali anuwa? Ngakhale diripi imodzi yokha. Ndalama si nkhani."

Sanayankhe msanga. Anamaliza kumata, anapukuta manja pa thalauza, n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi buku lachikuto chobiriwira, lodyedwa ndi njenjete m'mphepete, limene ankaphunzirira ali mnyamata. Ananyowetsa chala ndi malovu n'kumatembenuza masamba mpaka anafika pamutu wina wa zilembo zikuluzikulu: Analeptics. Pambali pake panali liwu limodzi la pensulo, dzanja lawo lomwe: odzutsa.

"Amene ukufunawo ndi awa, mphwanga. Nanenso ndinabayapo anthu ndi amenewa. Tinawasiya kalekale. Mayi ako sali m'tulo ayi kuti tiwadzutse. Angofunika kutola thupi. Pita ukagule nkhuku."

Ndinachokapo nditanyansidwa, ndikudziuza kuti ukalamba wawalanda nzeru za ntchito yawo. Nkhuku ndinagula, inde, chifukwa mawu a malume sabwezedwa. Koma liwu la m'buku lija linandikakamira m'mutu, ndipo patapita nthawi ndinayamba kulilondola m'madikishonale ndi m'mabuku a mbiri ya zamankhwala kuti ndione kumene linachokera.

Kwawo kwa liwuli ndi ku Greece. Agiriki akale anali ndi mneni wakuti lambanein, kutanthauza kutenga kapena kugwira. Akaika kachidutswa kakuti ana kutsogolo kwake, kamene kamanena za m'mwamba kapena za kubwereza, ankapeza analambanein: kunyamula chinthu chimene chili pansi, kutenganso chimene chinakupulumuka. Mneni yemweyu ankanenera munthu amene mphamvu zayamba kumubwerera atadwala. Ndiye chilichonse chomuthandiza pa ulendo umenewo chinkatchedwa analeptikon. Liwuli linadutsa m'Chilatini cha madokotala a ku Ulaya, n'kudzalowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1600.

Nditafika pamenepa ndinaseka ndekha. Amalume, amene Chigiriki sankachidziwa ngakhale moni wake, anali atamasulira bwino ndi pakamwa kuposa mmene anachitira ndi pensulo. Kutola thupi. Ife timatola nkhuni, timatola mango ogwa ndi mphepo, timatola ndalama panjira. Ndiye munthu amene matenda anamuwondetsa, masaya akayamba kubwerera, timati watola thupi, ngati kuti linamugwa penapake iye n'kuwerama kulitenga. Mgiriki wa zaka 2,000 zapitazo ndi mayi wa ku Ntcheu sanamwerane madzi, koma poyang'ana munthu wochira anaona chinthu chimodzi.

Ngakhale pa kudwala amamvana. Ife timati malungo andigwira, chimfine chamugwira mwana. Agiriki nawo, poona munthu akugwa khunyu, ankati china chake chamugwira modzidzimutsa, epilambanein, ndipo m'menemo ndi mmene munachokera dzina lakuti epilepsy limene timalimva kuchipatala. Choncho dzina la nthenda yogwetsa munthu ndi dzina la mankhwala omutola ndi ana a bere limodzi. Alipo abale ena. Dokotala wa ku France, Gélineau, m'chaka cha 1880 anatcha nthenda yogwidwa ndi tulo masanasana kuti narcolepsie. Ndipo Akhristu a ku Greece mpaka lero tsiku lokumbukira kukwera kumwamba kwa Yesu amalitcha Analipsi, kutengedwera m'mwamba. Koma zimenezo ndi za m'mbali.

Chimene chinandigwira mtima ndi za Galen. Munthu ameneyu anabadwa m'chaka cha 129 ku Pergamon, m'dziko limene lero ndi Turkey. Anayamba ndi kusoka mabala a anthu omenyana ndi malupanga m'mabwalo a zionetsero, kenako anakakhala dokotala wa mfumu Marcus Aurelius ku Rome, ndipo madokotala anatsatira zolemba zake kwa zaka zoposa 1,000. Iye sankagawa anthu pawiri, athanzi ndi odwala. Ankawagawa patatu. Gulu lachitatu linali la amene sali uku kapena uku, ndipo m'menemo ankaikamo okalamba ndi amene angochira kumene. Kusamalira ongochira kumenewa inali nthambi payokha ya ntchito ya udokotala, ndipo dzina la nthambiyo linali liwu lathu lomweli. Munalibe zodabwitsa m'menemo: chakudya chosavuta m'mimba, vinyo pang'ono, kusamba, kutikita thupi, kuyenda pang'onopang'ono, tulo tokwanira.

Gulu lachitatuli ndi limene ine ndinkalikana pakhonde paja. Fomu ya kuntchito yopemphera tchuthi silidziwa; kwa iyo munthu ali m'chipatala kapena watuluka, basi. Koma Chichewa chimalidziwa bwino gululi, moti chinalidulira makwerero. Aliko. Akuyesera. Ayamba kulawa kaphala. Akukhala tsonga. Akupezako. Atuluka kukaothera dzuwa. Ayamba kuwongokera. Mayi aliyense wa m'mudzi amadziwa mtunda umene ulipo pakati pa "akupezako" ndi "apeza bwino", ndipo sangakusakanizireni. Ine amene ndinapita kusukulu ndi amene ndinkafuna kulumpha makwerero onsewa ndi jakisoni mmodzi.

Kwa zaka mazanamazana liwuli linkanunkhira kukhitchini. Ku Paris kunali katswiri wa mankhwala, Sulpice Debauve, amene anagwirapo ntchito kwa mfumu Louis XVI, ndipo cha m'ma 1800 ankagulitsa chokoleti chotchedwa analeptique kwa anthu owonda. Ankachisakaniza ndi salep, ufa wa timizu ta maluwa akutchire a banja lomwe lija limene kuno timakumba popanga chikande. Mu mzinda womwewo, m'zaka za m'ma 1760, munayamba nyumba zogulitsa msuzi wa nyama wowiritsa nthawi yaitali, wa anthu ofooka ndi a m'mimba mosakhazikika. Msuziwo ankautcha restaurant, kutanthauza chobwezeretsa, ndipo dzinalo linadzasamukira pa nyumbazo. Lesitilanti ya padepoti imene mumadyamo nsima ya nyemba podikira basi, dzina lake linayambira pa kapu ya msuzi wa wodwala. Amalume ponditumiza nkhuku sanali kutali ndi mwambo.

Nanga liwu la msuzi ndi chokoleti linafika bwanji pa tsamba la majakisoni? Zinayamba pamene akatswiri anaphunzira kutulutsa mphamvu yeniyeni ya mtengo n'kuiika m'botolo. M'chaka cha 1818 Afalansa awiri, Pelletier ndi Caventou, anatulutsa strychnine m'njere za mitengo ya ku Asia ya mtundu wa Strychnos, abale ake a mateme athu. Anthu omwewa ndi amene anatulutsa kwinini patapita zaka ziwiri. Strychnine ndi chiphe choopsa, koma akakhala wochepetsetsa amachititsa minyewa kukhala tcheru, munthu n'kumamva ngati wadzuka. Anthu anaona kugwedezeka kumeneko n'kukutcha mphamvu. Anayamba kumuthira m'mabotolo a mankhwala olimbitsa thupi. Pa mpikisano wa Olympic wa 1904 ku St. Louis, wothamanga mtunda wautali Thomas Hicks atayamba kulefuka panjira, omuthandiza anamumwetsa strychnine wosakaniza ndi zoyera za dzira, kenako burande. Anapambanadi, koma pomaliza anzake anali atamugwirira m'khwapa, ndipo anangokomokera pomwepo.

Pofika m'ma 1920 makampani anali akupanga okha mankhwala otere. Ciba ya ku Switzerland inatulutsa Coramine, amene dzina lake lina ndi nikethamide, yemwe anali pamwamba pa tsamba la amalume lija. Ku Germany kunatuluka Cardiazol. Apa ndi pamene tanthauzo linakhotera. Analeptic sanalinso chakudya cholera munthu wochira. Anali chikwapu chokwapula ubongo, makamaka kachigawo kamene kamayendetsa kupuma, kuti munthu wokomoka atsitsimuke. Vuto la chikwapu chimenechi linali lakuti muyeso wodzutsa ndi muyeso wogwetsa khunyu zinali moyandikana ngati mphuno ndi mlomo. Dokotala wina wa ku Budapest, Ladislas Meduna, m'chaka cha 1934 anayamba kugwiritsa ntchito kuyandikanako mwadala: ankabaya odwala misala ndi camphor, kenako Cardiazol, kuti agwe khunyu, pokhulupirira kuti kugwako kuwachiritsa. Ana a bere limodzi aja anakumana m'nyumba imodzi. Mankhwala otola munthu ndiwo anali kumugwetsa.

Kumene majakisoniwa ankagwira ntchito kwambiri kunali kwa anthu amene amwa mapilisi ogonetsa mopitirira muyeso, a mtundu wa barbiturate, abale ake a phenobarbitone amene odwala khunyu amalandira m'zipatala zathu mpaka lero. Maganizo ake ankamveka: munthu wagona tulo ta imfa, ndiye mupatseni chomudzutsa. Ambiri ankafabe, ena ndi kugwedezeka ndi kutentha thupi kobwera ndi mankhwala odzutsawo. Ku Copenhagen, pa chipatala cha Bispebjerg, dokotala Carl Clemmesen ndi anzake anayamba m'chaka cha 1949 kusonkhanitsa odwala otere m'chipinda chimodzi, ndipo pang'onopang'ono anasiyiratu kuwakwapula. Ankangoonetsetsa kuti njira ya mpweya ili yotseguka, kuti thupi lili ndi madzi okwanira, kuti magazi akuyenda bwino, kuti munthu akufunda, akutembenuzidwa, chibayo chisamulowe. Kenako kudikira kuti thupi lichotse lokha chiphecho. Imfa zinatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 20 pa 100 aliwonse kufika pa mmodzi kapena awiri. Clemmesen ndi Eric Nilsson atalemba za njirayi m'chaka cha 1961, zipatala za m'mayiko ambiri zinaitengera. Nkhani imeneyi inachedwa kufika m'buku la amalume, koma inawapeza ali pantchito, ndipo "tinawasiya kalekale" uja ankanena zimenezi.

Mmene ndimaonera ine, madokotala a ku Copenhagen anachita ntchito ya gadiyani, kungoti anali ndi zipangizo. Aliyense amene anagonapo pasimenti pansi pa bedi la m'bale wake amaidziwa ntchitoyo: kutembenuza, kupukuta, kufunditsa, kumvetsera kupuma pakati pa usiku. Ilibe ulemu ngati wa jakisoni. Palibe amene amabwera kuchokera kuchipatala n'kumanyadira kuti, "Ananditembenuza bwino." Timanyadira kuti anatibaya atatu, anatiika madiripi awiri. Mankhwala akapanda kuwawa kapena kupweteka timawakayikira.

Amalume ankabwera m'mawa uliwonse pa njinga yawo ija. Sankanyoza mankhwala ayi. Mapilisi owonjezera magazi amene anatipatsa kuchipatala ankawawerenga okha, ndipo tsiku lina anatikalipira titadumphitsa. Koma mabotolo amene achibale ankabwera nawo, a madzi ofiira akuti amabweza magazi, ena ogula kwa anyamata a m'madepoti akuti amachiza kufooka kulikonse, ankawanyamula, kuwayang'anitsa padzuwa, n'kuwerenga chikalata chake mokweza ngati kalata ya msonkho. "Madzi. Shuga. Utoto. Apatseni ana amwe, kapena mutayire nyerere." Iwo malamulo awo anali a phala. Poyamba lamadzimadzi, la mgaiwa, kenako lothira nsinjiro, kenako lothira dzira. Msuzi wa nkhuku ya lokolo masana. Thobwa, nthochi, papaya. Pang'onopang'ono koma kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, chifukwa mbale yodzadza imaopseza wodwala asanaigwire n'komwe.

Ntchito yodyetsa phala la mmamawa inagwera ine. Amayi ankafuna kugwira okha sipuni, koma dzanja linkanjenjemera, phala n'kumatayikira pa bulangete. Akameza kanayi ankatembenuzira nkhope kukhoma.

"Iwe, ndakhuta."

"Masipuni atatu okha, amayi."

"Unkavuta kudya iwe uli mwana. Lero ukundibwezera eti?"

Ankameza awiri, lachitatu n'kukana, kuti asaoneke ogonja.

Kuyenda nako kunali ndi malire ake. Masiku oyamba, kuchoka pabedi kufika pakhomo. Kenako pakhomo kufika pa mpando wa pakhonde. Kenako kukagwira nkhokwe n'kubwerera. Amalume sankalola kuti tipitirire pamene anena, ngakhale odwala atati angathe. Tsiku limene ndinakwera basi, amayi anali atangofika pa nkhokwe. Tsache linali likadali m'manja mwa mlongo wanga. Ndinachoka ndi mtima wolemera, ndikuona ngati ndawasiya pakati pa mtsinje.

Zinatenga miyezi itatu. Nkhani zinkandipeza pafoni, zazing'onozing'ono, zoti munthu wina sangazione ngati nkhani. Lero apempha okha therere. Lero adandaula kuti ndiwo zachepa mchere. Tsiku lina mlongo wanga anaimba akuseka: "Achimwene, lero akalipira mbuzi za eni ake mpaka kumveka kumjigo." Ndinadziwa kuti mawu aja achoka pakhosi.

Liwu lija ndinadzakumana nalonso patapita zaka, amalume atatisiya, buku lawo lili pa shelefu yanga. Mlongo wanga yemweyo anachira mwana wa miyezi isanu ndi iwiri, wolemera kilogalamu imodzi ndi magalamu 300. Zotere si zachilendo kwathu kuno: lipoti la padziko lonse la 2012 linaika Malawi patsogolo pa mayiko onse, ndi ana 18 pa 100 aliwonse obadwa masiku asanakwane. Ana oterewa ali ndi vuto limene anamwino amalifotokoza mosavuta: amaiwala kupuma. Kachigawo ka ubongo koyendetsa mpweya kamakhala kasanakhwime, ndiye mwana amangosiya, milomo n'kuyamba kuda, mpaka wina amusisite kumsana kapena amugwedeze kaphazi.

Ndinafunsa anamwino kuti timadontho timene ankamupatsa m'mawa uliwonse tinali ta chiyani.

"Ndi caffeine, bambo. Yemwe uja wa mu khofi. Amamukumbutsa kupuma."

Caffeine naye ndi analeptic, ndipo pa mankhwala onse odzutsa aja, amene anatsala ndi ulemu wake ndi ameneyu. Madokotala anayamba kupatsa ana osakwana masiku aminophylline ndi caffeine m'zaka za m'ma 1970. Kenako kafukufuku wamkulu wotsogoleredwa ndi Barbara Schmidt wa ku Canada, wa ana 2,006 obadwa ndi magalamu pakati pa 500 ndi 1,250, anaonetsa m'zaka za 2006 ndi 2007 kuti ana olandira caffeine ankavutika pang'ono ndi mapapo, ndipo ambiri ankakula opanda kulumala kwa ubongo poyerekeza ndi anzawo. Bungwe la WHO limamuwerengera pa mankhwala ofunikira. Chomvetsa chisoni n'chakuti m'mayiko ngati lathu, limene mapiri a Thyolo ndi Mulanje ali obiriwira ndi tiyi, caffeine wa kuchipatala wakhala wokwera mtengo, moti nthawi zambiri amene wakhala akupezeka ndi aminophylline, wovuta kuyeza bwino. Ndipo wina asaganize zomwetsa khanda tiyi. Wa kuchipatalayo ndi woyeretsedwa, woyezedwa molingana ndi magalamu a mwanayo. Apa pokha pensulo ya amalume inalondola. Mwana uyu ankafunikadi chomudzutsa.

Koma timadonthoto tinali ta mphindi imodzi pa tsiku. Maola ena onse mwana anali pachifuwa pa mayi wake, khungu kukhudza khungu, atamangidwa ndi chitenje, kachipewa kaubweya kali kumutu. Njira imeneyi, ya kangaroo, inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia m'chaka cha 1978, ndipo kuno inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba m'chaka cha 1999. Mkaka ankaufinyira m'kakapu n'kumamumwetsa maola awiri aliwonse, usiku ndi usana. Mlongo wanga akatopa, amene ankamasula bulauzi n'kulandira mdzukulu pachifuwa anali amayi, gadiyani wamkulu, amene anabwera ndi mbaula, poto ndi thumba la ufa ngati akusamuka.

M'mawa uliwonse ana ankapita pasikelo. Amayi sadziwa kuwerenga manambala a pagalasi lija, koma ankaimirira pafupi, manja kumbuyo, kuyang'ana nkhope ya anamwino.

"Watola zingati lero, anamwino?"

"Magalamu 20, agogo."

Ine ndinawerengera msanga m'mutu kuti pa liwiro limenelo tikhala kuno masiku angati, ndipo ndinatsala pang'ono kufunsa ngati palibe china chimene angamuwonjezere. Amayi anandiyang'ana kamodzi kokha, ine n'kumeza funsolo.

"Akuyesera," anatero, uku akutambasula chitenje. "Bwera naye kuno asazizidwe. Iwe, pita ukaone ngati makala agwira."